Kamera Yoti Ikamve Mvula ku Mponela

Al Duhail, Doha
Lolemba madzulo

Tadala mwana wanga,

Kalatayi ndikulemba ndili m'galimoto, pamthunzi wa khoma la kampaundi, ndikudikira kuti madamu, akazi a abwana anga, amalize kuvala. Ukudziwa kale kuti udalaivala theka lake ndi kudikira, ndipo ine kudikirako ndinazolowera kukudzaza ndi cholembera. Dzuwa latsikira pamadenga, fumbi lalipaka mtundu wa papaya wakupsa, ndipo nkhunda zija zimakonda khoma la kutsidya zayamba kusonkhana. Madamu akupita ku West Bay madzulo ano, choncho envulopuyi ndikaisiya kwa a Tembo, amene akulondera pageti la nyumba yanu ya antchito. Uiwerenge lero kapena m'mawa ukumwa tiyi, koma uiwerenge usanapite kushopu kuja.

Mawa madzulo ndidzakuperekeza kubwalo la ndege, abwana andilola. Koma m'mawa sindipezeka, ndili ndi ana a abwana opita nawo kusukulu, ndiye kamera ukagula wekha. Mwina ndi bwino choncho. Loweruka lija tinapita limodzi sizinayende. Iwe unanyamula yaikulu yakuda ija, yagalasi lalitali ngati chimanga chokhwima bwino, nkhope yako ikuwala. Ine ndinaloza kakamera kaja kanali m'kabati yagalasi, kogwirapo kale ntchito. Unandiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, mukufuna ndikafike kukoleji ndi choseweretsa ana?" Mwini shopu anaseka, ndipo m'sitima ya metiro monse tinakhala ngati anthu osadziwana, iwe kuyang'ana foni, ine kuyang'ana nsapato zanga. Pakamwa panga pamachedwa, mwana wanga. Zimene ndinalephera kunena m'shopu muja ndi zimene ndikulemba pano.

Ndalama ndi zako. Unazipeza ukuyala mabedi a alendo m'nsanja zija, mahotelo osanjikizana aja, mpaka msana kuwawa, ndipo palibe amene angakuletse kugula chimene mtima wako wafuna. Ndikudziwanso kuti maphunziro a utolankhani amafuna kamera, kuti foni siingakwanire, ndi kuti ukufuna uzijambula maukwati ndi zinkhoswe kumapeto kwa sabata kuti uzidzithandiza. Zonsezo n'zoona. Koma ndalama zomwezo ndi zimene zikalipire fizi ndi chipinda, ndipo yaikulu ija ikadya mbali imene sungathe kuibweza. Izi ukuzidziwa, sindibwerezanso. Chimene sukudziwa n'chakuti ine ndili ndi chifukwa changachanga chokondera kakang'ono kaja, ndipo si cha ndalama. Ndifikako. Undilole ndiyambire kutali, monga mwa chizolowezi changa chimene amayi ako anatopa nacho.

Chaka changa choyamba kuno, iwe uli kamwana kothamanga opanda nsapato, ndinagula kamera ya matepi ija kwa mnzanga wina amene kontirakiti yake inatha. Inali yolemera ngati njerwa yootcha. A Tembo, amene nthawi imeneyo tinkagona chipinda chimodzi, anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Mudala, mwagula kamera kapena jenereta?" Ine sindinasamale. Lachisanu m'mawa, tsiku lathu lopuma kuno, ndinakwera nayo takisi yozizira ngati firiji n'kukatsikira m'mbali mwa nyanja. Unali mwezi wa Ogasiti, mpweya uli ngati thaulo loviikidwa m'madzi otentha. Nditangotsika ndinayamba kujambula. Pakawindo kakang'ono koonera paja ndinkaona zoyera zokhazokha, koma ndinati ndi kuwala kwa dzuwa kukundithobwa m'maso. Ndinajambula nsanja, ndinajambula mabwato, ndikulankhula nanu nonse mmodzimmodzi. Ndinakakopetsa pachimbale tsiku lomwelo, poti munthu wopita kumudzi ankanyamuka madzulo ake, ndipo sindinachionere.

Amayi ako anaitana anthu. Anapempha wailesi yakanema kwa aphunzitsi a pafupi nafe aja, anthu anadzaza m'nyumba mpaka pakhonde. Chimbale chitayamba panaoneka nkhungu. Nkhungu yokhayokha, yoyera mbee, tizithunzithunzi tikusuntha mkati mwake, ndi mawu anga akuti, "Onani nyumba iyi kutalika, onani nyanja iyi." Anthu anaseka mpaka misozi. Koma iwe, akutero amayi ako, unasendera pafupi n'kuika khutu pamene pamatulukira mawu, ndipo mawa lake unauza anzako onse kuti bambo ako amakhala m'mitambo. Unakhulupirira zimenezo nthawi yaitali. Kukachita mitambo unkatuluka panja kukandiuza zimene wadya.

Galasi likachoka pozizira n'kulowa pofunda ponyowa limachita thukuta. Lodula ndi lotchipa limachita chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kudikira basi: kamera uisiye m'chikwama chotseka, izolowere mpweya wa pamalopo, kenaka uitulutse. Usunge zimenezo, ndizitchulanso kumapeto. Koma phunziro lalikulu la chimbale chija ndi lina. Chithunzi chinalephera, mawu anafika. Iwe unandidziwa ndi khutu usanandidziwe ndi maso, ndipo nditabwera kutchuthi choyamba unabisala kuseri kwa amayi ako mpaka nditalankhula. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamasokosera amadzuka n'kumapita. Ndiye mawa, usanayang'ane china chilichonse, umvere. Upite ndi mahedifoni ako. Umupemphe mwini shopu aime kukhomo alankhule, iwe ujambule uli kumapeto kwa kauntala, kenaka umve ngati mawu ake akumveka pamwamba pa kulira kwa eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja. Uone ngati pali kabowo kolumikizira maikolofoni yapadera. Kakamera kaja kali nako, ndinaona. Usankhe ndi khutu, Tadala, maso abwere pambuyo.

Nditaphunzira za nkhungu ndinayamba kukonda zumu, kabatani kaja kokokera zinthu zakutali kuti zibwere pafupi. Ndinkaima pansi n'kukoka nsonga ya nsanja, kukoka mwezi, kukoka bwato limene linali ngati kadontho panyanja. Dzanja likanjenjemera pang'ono, chithunzi chonse chinkavina. Amayi ako anandifunsa pafoni kuti, "Bambo a Tadala, kodi kumeneko kumachita chivomezi tsiku lililonse? Ine ndikaonera ndimachita chizungulire." Sindinasiye. Tsiku lina ndinapititsa madamu kwa achibale awo ku Nuaija, ndipo ndikudikira panja ndinaona mtengo wamaluwa ofiirira utasefukira pakhoma la nyumba ina, wofanana ndi uja unali kuseri kwa tchalitchi kwathu. Ndinaima kutsidya kwa msewu n'kuyamba kuukoka. Posakhalitsa geti linatseguka, panatuluka bambo wachikulire wovala mkanjo woyera n'kundikodola. Kuno nyumba ya munthu sajambula, makamaka pamene amayi a m'nyumbamo akhala pabwalo, ndipo ine ndinali ndisanadziwe kulemera kwa mwambowo. M'maganizo ndinali nditakwera kale ndege yobwerera kumudzi. Bamboyo anati ndimuonetse. Anayang'ana pakawindo kaja nthawi yaitali: maluwa akunjenjemera, kambalame kakulowa ndi kutuluka. Kenaka anandibwezera n'kunena m'Chingerezi chake chochepa kuti, "Ukanagogoda ndikanakulowetsa. Mtengowu kukongola kwake kuli mkati." Anandilowetsadi, amayi aja atalowa m'nyumba. Ndinaima pansi pa mtengowo maluwa akundigwera pamapewa, n'kujambula osakoka chilichonse, iye atagwira kambale ka zipatso za kanjedza akudikira kuti ndimalize. Ndi chimbale chokhacho chimene amayi ako anaonera mpaka kumapeto.

Galasi lalitali lija ndi la anthu ojambula mikango ndi mpira, amene sangathe kuyandikira. Iwe ukajambula anthu. Kamera yagalasi lalifupi imakuyendetsa ndi miyendo yako, imakufikitsa pakhomo, imakunenetsa odi. Kwathunso kuli zinthu zimene munthu sajambula asanapemphe: pamaliro, pachinamwali, ngakhale pamsika pamene mayi akuyamwitsa. Uyandikire, upereke moni, upemphe. Akakana utsitse kamera, uthokoze. Ambiri sakana akaona nkhope yako pafupi.

Kenaka ndinayamba kuiopa. Kamera ija inali chinthu chodula kuposa zonse zimene ndinali nazo, ndiye ndinkaikulunga m'thaulo, kuiika m'sutikesi, kukhoma loko, kukankhira pansi pa bedi. Ndinkaopa fumbi, ndinkaopa manja a anthu. Ndinasanduka mlonda wake. Ndiye m'mawa wina wa nyengo yozizira kuno kunagwa mvula. Osati yowaza ija imangodetsa magalimoto, koma mvula yeniyeni, yamadontho akuluakulu. Tonse tinatuluka: alonda, madalaivala, ophika, anthu a ku Nepal, a ku Kenya, a ku Sri Lanka, aliyense atakweza nkhope kumwamba, aliyense ali kwawo mumtima. Ngakhale mchenga wa kuno unatulutsa fungo la dothi. A Tembo anavula chipewa cha yunifolomu n'kuyamba kuponda ngoma ya kwawo ku Chipata, nsapato zikumwaza madzi, akukuwa kuti, "Mudala, kamera!" Ndinathamangira m'chipinda. Kiyi wa loko sindinamupeze msanga. Nditatsegula, batire linali lakufa, poti ndinali nditatha milungu ndisanaigwire. Pamene ndinkatuluka mvula inali itadula, anthu akubwerera kumashifiti awo, a Tembo atakhala pasitepe akufinya masokosi. Mpaka lero akandiona amati, "Ojambula athu, batire lili bwanji?"

Kamera imene ukuiopa siijambula. Yaikulu ija ukafika nayo kuhositelo udzayamba kuganiza za loko, mu minibasi udzaikumbatira ngati khanda lodwala, ndipo tsiku la mvula idzakhala pansi pa bedi. Gula imene ingalowe m'kachikwama kako pambali pa foni ndi mafuta odzola, imene ikakandika pang'ono sudzalira. Pa zimene zatsala uguleko batire lachiwiri. Ukudziwa mmene magetsi amachitira kwathu. Ufunse ngati imachajidwa ndi chingwe chofanana ndi cha foni, kuti magetsi akathima uzitha kuidyetsa ndi pawabanki kapena sola ya amayi ako. Mabatirewo uwaike m'chikwama chokwera nacho m'ndege, osati m'sutikesi yopita pansi.

Mvula ija itandiphonya ndinalumphira mbali inayo, n'kuyamba kujambula chilichonse. Ukukumbukira tsiku la mphatso kusukulu kwanu, limene linapezeka kuti ndili kutchuthi? Unaitanidwa kutsogolo kukalakatula ndakatulo. Ine ndinaima pambali pa chipilala, diso limodzi pakamera, linalo lotseka, ndikulimbana ndi mitu ya anthu. Utamaliza unandifunafuna m'gulu, ndipo chimene unapeza ndi galasi. Sindinaombe m'manja, manja anali otanganidwa. Pobwerera kunyumba amayi ako anandifunsa chapansipansi kuti, "Kodi maso munabwera nawo, kapena munawasiya ku Doha?" Lero ndikayesa kukumbukira tsikulo ndimaona kamunthu kakang'ono ngati chala, m'kawindo. Mtundu wa riboni yako ndinachita kuuzidwa. Ntchito imene wasankhayi idzakuika kuseri kwa galasi masiku ambiri, ndipo n'koyenera. Koma pakakhala pa anthu ako, uzidziwa nthawi yoitsitsa. Yaing'ono imatsika msanga, imalowa m'thumba, manja n'kumasuka.

Za matepi osungunuka ukuzidziwa, koma sunamve bwino chimene chinali mkati. Ulendo uja tinkakumba maziko a nyumba ya ku Mponela ndinajambula zonse: amalume ako akukoka zingwe, amayi ako akutungira madzi omanga, iwe ukuyenda m'ngalande za maziko n'kumagawa zipinda, ichi changa, ichi cha ababa, ichi cha nkhuku. Nditabwerera kuno matepiwo ndinawaika m'kabokosi ka m'galimoto kuti ndikakopetse, n'kuiwala. Unali mwezi wa Julaye. Nditakumbukira ndinapeza atapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Chilichonse chimene wajambula chizikhala malo awiri tsiku lomwelo, usamati mawa. Makhadi osungira zithunzi ugule angapo ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu, ndipo akhale a mtundu wofala umene ungaupeze ngakhale m'tishopu ta pa Mponela. Yaikulu ija imadya makhadi apadera. Ndinamufunsa mwini shopu pamene iwe unkadziyang'ana nayo pakalirole.

Ndiye pali nsanja zija. Zaka zonsezi ndinkatumiza nsanja, akasupe owala mitundumitundu, magalimoto a anthu ena ine nditatsamira pachitseko. Tonse kuno timatero, ukudziwa. Nawenso mwezi wako woyamba unatumiza chithunzi uli pamasitepe a hotelo ngati mlendo wolipira. Tsiku limene unafika kuno n'kulowa m'kachipinda kanga kuseri kwa galaja, unayang'ana bedi, ketulo, malaya atapachikidwa pamsomali, kenaka unafunsa kuti, "Ababa, nanga nsanja zija?" Ndinati, "Ndimazidutsa." Unaseka mpaka kukhala pansi. Utapukuta misozi unati, "Bwenzi mutatitumizira chipinda chino. Ndikanadziwa malo okuikani ndikamakuganizirani." Mawu amenewo sanandichoke. Malachisanu onse amene takhala tikuyenda m'mbali mwa nyanja, tiyi wamkaka wa kuno uja wa karaki ali m'manja, ndakhala ndikuwatembenuza mumtima.

Tsopano zatembenuka. Iwe ukupita, ine ndikutsala, ndipo wodikira zithunzi ndine. Apa ndi pamene pali chifukwa changa chija. Nyumba ya ku Mponela ndinaisiya khoma lili pamawindo. Malata anakhoma ine kulibe. Ndimaidziwa kumaso kokha, pazithunzi za foni, amayi ako ataima pakhomo ndi diresi la kutchalitchi, manja atagwirana kutsogolo, nkhope ili gwa ngati akujambulitsa chiphaso. Amayi ako akaona galasi likuwaloza amasiya kukhala iwowo. Amati dikira ndisinthe chitenje, dikira ndisese, chotsa ndowa iyo. Ukafika ndi yaikulu ija, ndi chipewa chake chotchingira galasi kutsogolo, mudzi wonse ukasintha zovala, ndipo udzanditumizira nsanja za ku Mponela. Koma kakamera kaja adzakazolowera pakapita masiku ochepa. Adzakaiwala patebulo pakati pa shuga ndi makapu, ndipo ndidzawaonanso akuimba chapansipansi nyimbo za kwaya posita, akukalipira nkhuku mayina ngati ana asukulu, akuseka mpaka kugwira chitseko. Amayi ako amenewo ndatha zaka ndisanawaone, Tadala. Pafoni amandipatsa malipoti: mbewu, feteleza, odwala, omwalira. Kenaka amati tisathe mayunitsi.

Ndipo sindinamvepo mvula ikugwa pamalata amenewo. Ndikudziwa mtundu wake, ndikudziwa amene anakhoma, koma kulira kwake sindikukudziwa. Chaka chatha amayi ako anayesa kuti ndimve pafoni. Anaikweza kudenga, ine ndinatseka maso m'galimoto muno, koma foni imaganiza kuti mvula ndi phokoso losafunika, imaimeza. Ndinangomva ngati munthu akukazinga kanthu kutali, kenaka netiweki inadula. Nthawi zina ndikamadikira chonchi, eyakoni ikupuma pang'onopang'ono, ndimasinza n'kulota ndili m'chipinda chija unandigawira uli kamwana. Ndagona chagada, zenera lili lotsegula, mvula ikuyambira kumbali ya kumunda, dontho apa, dontho apo, kenaka denga lonse. Koma malotowo amabwereka kulira kwa malata a kusukulu kumene ndinaphunzira. Ndikufuna kumva anga. N'chifukwa chake ndikubwereza kuti usankhe ndi khutu.

A Tembo ali mbali yako, usaganize kuti uli wekha. Dzulo anandiuza kuti, "Mudala, musiyeni mwana. Paukwati anthu amalipira kukula kwa kamera. Mukafika na kanthu kang'ono amakupatsani mpando wa ana." Ndinawafunsa ngati iwowo anajambulapo ukwati. Anati, "Ine ndimavina chabe, koma ndimaona." Akunena zoona pang'ono. Padzakhala apongozi ena amene adzakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Koma ukwati ukatha chimene chimatsala ndi chimene akuonera pabalaza, ndipo akamva malumbiro a mwana wawo bwinobwino, liwu lililonse, ndi nthungululu za azakhali zosaphulika m'makutu, adzakutumizira anansi awo. Ntchito ikakula idzagula yokha yaikuluyo. Pamenepo udzakhala ukudziwa chimene ukuifunira, osati kungoikonda chifukwa ikulemera bwino m'manja.

Mawa m'shopu usafulumire, ngakhale mwini wake azinena kuti yalla yalla, fulumira fulumira. Poti kanagwirapo kale ntchito, uloze galasi lake kugetsi, uone ngati mulibe zokanda kapena tinthu tonga ukonde wa kangaude mkati. Ukayatse kazijambula osaima pamene mukukambirana mtengo, kenaka ukagwire. Kakatentha kwambiri n'kuzima kokha ukasiye, ufunse kena ka msinkhu womwewo, chifukwa perekaniperekani wa kwathu satha msanga. Upite nako pakona yamdima kuseri kwa mashelefu, poti m'matchalitchi mwathu ndi m'nyumba zathu mulibe kuwala kwa m'mashopu a kuno. Kawindo koonera kakhale kotembenuka, kuti tsiku lina udzadzijambule wekha ukundiuza za mayeso. Akati khalas, mtengo womaliza, uthokoze, uyambe kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Amaitana. Lisiti usalisiye.

Yakale ija ikhala ndi ine. Unaona mmene inafera m'nyengo yozizira yapitayi: kawindo kanada bii, wokonza anati zipangizo zake zinasiya kupangidwa. Koma ukaika tepi n'kudina, mawu amatulukabe. Pali tepi ina ya tchuthi choyamba imene sinali m'galimoto tsiku lija, pamene iwe ukuimba nyimbo ya ku sande sukulu n'kumasokoneza mawu, amayi ako akukukonza ali chapatali, mbale zikugundana. Ndimaimvera Lachisanu masana ndikabwera kochapa. Pakawindo palibe kanthu, koma ndimaona mpaka mthunzi wa mtengo wa mango.

Chimene ndachotsako ndi lamba. Umupeza m'envulopu muno. Amayi ako anamusoka ndi chidutswa cha chitenje chawo chobiriwira, lamba wake weniweni ataduka. Wakhala pakhosi panga m'mbali mwa nyanja, kuchipululu, pamaziko a nyumba. Wasuluka, ndipo ngakhale ndamuchapa akadali ndi fungo la m'galimoto muno. Lambayu sasankha. Ananyamula njerwa ija, anyamula iliyonse imene ugule. Ukatuluka m'shopu ndi yaikulu sindidzakwiya, ndidzakunyamulira chikwama chake mpaka pamene operekeza amalekezera. Ndanena zanga, kusankha n'kwako.

Chotsala ndi cha nkhungu chija. Ukatsika minibasi pa Mponela usatulutse kamera. Ukuchoka kozizira, mwana wanga, kwa makapeti ndi zitseko zotseguka zokha, ndipo masiku oyamba maso ako adzachita thukuta ngati galasi. Msewu udzaoneka wafumbi kuposa kale, nyumba yaing'ono kuposa pachithunzi, amayi ako okalamba kuposa mmene unawasiyira. Usajambule zimenezo, ndipo usafulumire kunena kanthu. Manja onse awiri akhale opanda katundu powapatsa moni. Udye, ugone, upite kumjigo, ukhale pakhonde anthu akufunse mafunso awo onse. Uzolowere mpweya. Koleji sinatsegule, nthawi ilipo.

Mvula yayandikira. Amayi ako akuti masana mitambo yayamba kusonkhana kumbali ya Ntchisi, ndipo nyerere zikusamutsa mazira. Ukadzamva mphepo yasintha, nkhuku zikuthamangira pakhonde, udzalowe m'chipinda changa chija, uike kamera pawindo, iloze kulikonse, kumunda kapena kukhoma, udine batani, utuluke. Usandifotokozere kanthu, usakoke chilichonse. Galasi likachita nkhungu ulisiye, ndinazolowera kukhala m'mitambo. Ndidzamvera m'galimoto muno, mawindo otseka, ndikudikira madamu.

Chitseko chatseguka, akubwera. Ndipinde mapepalawa.

Ndipo ukadzamva amayi ako akukuwa kuti zovala zili panja, usadzazimitse. Udzathamange ukaanule, kamera uisiye ikumvera.

Ndine bambo ako,
wodikira ku Al Duhail